Kukatenga Bambo ku Mnambithi

Achimwene anga a Mzwakhe pakamwa ndiye anapatsidwa. Chikwatirireni kwa a Hadebe, nkhani yawo inali imodzi: bambo athu anali dalaivala wa mitu ya sitima yamagetsi, yakale ija inkakoka malasha m'mapiri a Natal italumikizana itatu, nthaka n'kumanjenjemera. Bodza lenileni. Masiku amenewo munthu wakuda pampando wa dalaivala sankapanunkha n'komwe. Bambo ankakwera padenga kukapaka girisi mkono wachitsulo umene umakhudza waya, ndipo magetsi anawapezera komweko ine ndili kumsana.

Mzimu wawo sitinakautenge. Chaka chatha ana a m'banja mwathu atayamba kudwaladwala, amayi anati basi, bambo anu atopa kugona kutchire, tikawatenge. Tinamva kuti mutu wa sitima womwe anaferapowo ulipobe ku Mnambithi, okonda zakale anaupenta n'kuuika pansi pa shedi. Achimwene anathyola nthambi ya kankhande yotengera mzimu, n'kuchita hayala minibasi. Chimene anaitanira apongozi awo pa ulendowu sindikuchidziwa mpaka lero.

Mutuwo unali chinthu, chitsulo chokhachokha, magudumu ondifika pachifuwa. Amayi ananong'onezana ndi mlonda, iye nati waya wa pamenepo ulibenso moto, n'kubweretsa makwerero, kuwatsamiritsa cha kudenga. Achimwene anayang'ana makwererowo. Kenako anayang'ana a Hadebe, amene anali atavula chipewa, akusisita chitseko cha dalaivala n'kumati apa ndiye pankakhala amuna.

"Mzwakhe," amayi anatero chapansipansi, "pamene anagwera ukupadziwa."

Kumva achimwene anamva. Koma analowa m'chipinda cha dalaivala, nagwada, nakokera nthambi ija pampando wachikopa, akuti Baba, tabwera kudzakutengani, dzukani pampando wanu tizipita kwathu. Ine manyazi anandigwira. Pakamwa ndinali napo, koma nanenso ndinaopa maso a apongozi a eni. Ndinangoyang'ana nsapato zanga, mlonda n'kubweza makwerero ake osafunsa kanthu.

Wonyamula nthambi salankhula ndi amoyo mpaka akafike, ndiye achimwene anapulumukira pomwepo. M'minibasi anaigoneka pampando wakewake monga mwambo ufunira, n'kumaiuza njira. Baba, tikutuluka m'tauni. Baba, uwu ndi mlatho wa Thukela, musaope madzi. Kumbuyo a Hadebe ankangoyamikira kuti mkamwini wolemekeza bambo ake chonchi sapezekapezeka, ndipo ine ndinkalakalaka atatsamwa.

Amayi anali atapanikizika pakona, miyendo yotupa, chikwama pamiyendo pomwepo. Titawoloka mlatho anauza dalaivala kuti aime. Anadzuka movutikira, anatola nthambi ija n'kuipereka m'manja mwa achimwene, iwo n'kukhala pampandopo, kutambasula miyendo bwinobwino.

A Hadebe anagwira pakamwa. "Mayi, mukukhalira amuna anu?"

"Ndakhalira ndani? Pano palibe munthu, bambo. Amuna anga tawasiya padenga paja, pamene ankapaka girisi. Ankanunkha mafuta, ndipo ine ndinkawakonda choncho."

Galimoto inanyamuka. Tinadutsa Colenso, tinakhota pamphambano ya kwathu, nthambi ili pamiyendo pa achimwene, ndipo sanaiuzenso njira.