Kamushafuti ya Liwiro

"Sankhani nokha, amwene," anatero Minor, akugoneka zitsulo ziwiri pa tebulo la m'galaja mwake. "Onsewa ndi makamushafuti, amene amatsegula ndi kutseka mavavu mu injini. Iyi ndi ya ng'ombe yapangolo, imakoka pang'onopang'ono koma sitopa. Iyi ndiye ya amuna. Mukamayenda pang'ono imasinza, koma mukaipatsa moto, boma lonse la Zarcero likudziwani."

Ólger, mng'ono wake wa Minor, anatola yachiwiriyo n'kumaisisita. Mkazi wake Xinia anali chiimire pakhomo, jombo zili matope okhaokha. Kwadra yawo, njinga yamoto ya matayala anayi, anaibweretsa chifukwa inkafuka utsi basi. Za liwiro kunyumba sizinakambidwepo.

"Alamu," anatero Xinia, "ife timanyamulira mkaka. Mtunda wathu uja mumaudziwa."

"Aaa, alamu, inunso! Mwamuna wanu azingokhala wa mkaka mpaka imvi? Lamlungu kuli mpikisano wa makwadra ku chikondwerero cha San Isidro. Chaka chatha anamuseka ndi ana omwe."

"Ndiye kusekedwa kumapha?"

"Mayi a Yendri, za injini tisiyireni ife," anatero Ólger, osamuyang'ana n'komwe.

Famu yawo anaisiya ndi malemu don Eladio, bambo ake a Xinia, ndipo inali pansi penipeni pa chigwa. Lole ya kopaletivi yotenga mkaka inkaima kumsewu, pamwamba pa mtunda, ndipo sinkadikira munthu. Masiku amene kwadra inkavuta anali ataiphonya kangapo, mpaka akuluakulu a kopaletivi anawachenjeza kuti akadzaphonyanso, malo awo ogulitsira mkaka ku kopaletivi apatsidwa kwa wina. Malowo don Eladio anawavutikira moyo wake wonse. Ólger zonsezi ankazidziwa bwino, koma munthu akamva fungo la kutchuka makutu amatseka okha.

Minor anaikamo kamushafuti ya liwiro ija, nawonjezera pisitoni yaikulu ndi paipi ya utsi yolira ngati mfuti. Lamlungu Ólger anathamanga zenizeni, anakhala wachiwiri. Anzake anamunyamula m'mwamba, namugulira mowa, ndipo anafika kunyumba atakumbatira chikho chopaka utoto wagolide. Ng'ombe zinamwazikana ndi phokosolo.

Lolemba kunacha ndi mvula. Anakama, namangirira zigubu za mkaka kumbuyo ndi kutsogolo, Ólger n'kuuyamba mtunda, Xinia akutsatira wapansi. Pamene kale kwadra inkakwera ikung'ung'udza modekha, tsopano inatsokomola n'kuzima. Anailizanso, inazimanso.

"Ipatseni moto, si mmene ananenera akulu anu?" anakuwa Xinia.

Ólger anaipatsa moto. Matayala anazungulira pamodzimodzi, akumwaza matope, kenako anagwira mwala onse nthawi imodzi. Kwadra inaimirira ndi matayala akumbuyo, zingwe zinaduka, zigubu n'kugubuduzika mpaka mu ngalande. Mkaka unayenderera m'matope, woyera mbee, ndipo kumtunda lole inaliza hutala n'kumapita.

Xinia sanalire. Mtima unamuwawa kwambiri moti misozi sinabwere. Anatola zigubu, natsuka m'manja, n'kulunjika kugalaja.

"Alamu, bwezeretsanimo chitsulo chathu chakale. Chinalibe vuto."

Minor anakanda m'mutu. "Chija? Si chili pa shelefu kwanu komwe? Zikho za mpikisano ndimawotcherera ine chaka chilichonse, ndi zitsulo zochotsa m'mainjini. Ndinachidula pakati kuti chiime bwino."

"Nanga ya ng'ombe yapangolo ija?"

"Inapita Loweruka. Kuitanitsa ina ku San José ndi nkhani ya masabata. Koma alamu, musaiwale, mwamuna wanu anakhala wachiwiri."

"Ndaona. Tizidya chikho chomwecho."

Masana a kopaletivi anaimba foni. Analankhula mwaulemu kwambiri, anatchulanso ubwino wa malemu don Eladio, koma mfundo inali yomweyo: malo apita.

Xinia anawoloka mtsinje kupita kwa doña Flory, mayi wa famu yoyandikana nayo, amene ankakweza mkaka wake pa hatchi.

"Ndizikutengerani, mwanawe," anatero doña Flory. "Koma mkakawo uzilowa m'dzina langa, pamtengo umene ndinene ine. Ndipo zigubu za dzina la wina sakweza mu lole, mukudziwa."

Madzulo Xinia anandanditsa zigubu pakhonde, natsegula chitini cha penti. Pa chigubu chilichonse panali dzina la bambo ake, lolembedwa ndi dzanja lawo lomwe, zilembo zopendekeka. Ólger anatuluka m'nyumba akutsimphina, naima pambali pake.

"Bweretsani bulashiyo, mayi a Yendri. Ndifufuta ndine."

"Ayi, bambo," anatero Xinia, akuviika bulashi mu penti. "Inu mungathamange nayo. Dzina la bambo anga ndilifufuta ndekha, pang'onopang'ono."