Tiyi wa Bwana Wamkulu

Nasoni Mbewe analowa m'nyumba yodyera ya a Chandrakant atavala malaya obwereka, kolala ikumuthina pakhosi. Mkazi wake Evelina anatsala tsidya lina la msewu, pansi pa mtengo wa mango, pomwe amayi ogulitsa mtedza ankakhala pafupi ndi msika wa Lilongwe. Anali woyembekezera, masiku atatsala pang'ono. Onse awiri ankadziwa kuti ntchito iyi ikakanika, chotsala n'kukalembetsa ku Wenela, kolembera anthu opita kumigodi, ndipo mwanayo adzabadwa bambo ake ali pansi pa mgodi ku Joni.

Banja la a Chandrakant linali ndi nyumba zoterezi ku Limbe, ku Zomba ndi kuno, zonse utoto wobiriwira, malamulo amodzimodzi. Paxton, msuweni wa Nasoni yemwe ankatsuka mbale mommuno, anali atamuphunzitsa mpaka kuuma kukhosi. Usagwade, si kwa apongozi kuno. Chala chisalowe m'kapu. Akakufunsa yankha ndi pakamwa, osati kumakanda m'mutu. Paxton ankadziyesa katswiri ndithu, koma anangophunzitsa zimene anakumbukira.

Wofunsa anali Dilip, mwana wa mwini nyumba. Anayang'ana zikhadabo za Nasoni, kenako mano, ngati akugula ng'ombe.

"Unagwirapo kuti?"

"Ku esiteti ya fodya ku Namitete, bwana. Ndinkathandiza kukhitchini."

"Umapita kumisonkhano ya ndale?"

"Iyayi, bwana."

Dilip anamuyang'anitsitsa nthawi yaitali. Zinali zaka za Chitaganya, mphekesera zili ponseponse: ati shuga wathiridwa mankhwala, ati nyama ya m'chitini imagonetsa anthu. Wogula ankakayikira wogulitsa, bwana ankakayikira wophika wake.

"Bambo anga ali apo," anatero Dilip, akuloza pawindo. "Kawapatse tiyi. Akamwa, uyamba mawa."

Nasoni ananyamula thileyi. Kuchokera kukhitchini kukafika pawindopo sipanali patali, koma kwa iye panatalika. Kapu inkalira pakambale kake, iye n'kumapemphera chamumtima kuti pasagwe dontho. Anafika, anaika bwinobwino, anabwerera m'mbuyo manja ali kumsana monga Paxton ananenera.

A Chandrakant, mkulu wa imvi wovala zoyera, ananyamula kapu ija. Anasuzumira pakambale. Ananunkhiza. Anakweza maso n'kuyang'ana Nasoni, kenako anaibwezera pansi osamwa.

Kunena zoona, mkuluyo ankangoona ngati tiyi watayikira, ndipo mano ake sankagwirizana ndi zotentha, choncho ankadikira kuti azizire. Aliyense m'nyumbamo ankadziwa zimenezi, kupatula Nasoni.

Kwawo kwa Nasoni ku Mitundu, mlendo akanunkhiza chikho n'kukuyang'ana, wanena zonse: akuganiza kuti wamuthirira mankhwala. Ndiponso munthu woleredwa bwino sadikira kukayikiridwa. Wopereka thobwa kapena mowa amayamba walawa yekha, kuti womwayo amwe mtima uli m'malo. Nasoni anadzitukwana kuti waiwala mwambo wodziwika ndi mwana yemwe. Anaona ntchito ikumupulumuka m'manja chifukwa cha mwano wakewake.

"Musaope, bwana," anatero akuwerama. "Mulibe kanthu umu."

Ananyamula kapu ndi manja awiri, anamwako pang'ono, anameza moonetsera, n'kuibwezera patsogolo pa mkuluyo mwaulemu wonse.

Pakhomo la khitchini, Paxton anagwira m'mutu.

A Chandrakant anakankhira mpando wawo m'mbuyo, nkhope itachita tsinya, n'kulankhula mawu ochepa m'chinenero chawo. Kwa iwo, chakudya chimene chakhudza milomo ya munthu wina chadetsedwa, ngakhale munthuyo akhale mwana wako wobereka wekha. Meena, mkazi wa Dilip, anabwera ndi kansalu, anagwirira kapu ija patali ndi thupi lake, n'kutuluka nayo kuseri. Posakhalitsa kunamveka phwaa!

"Bwana, ine ndimafuna kuwaonetsa kuti..."

"Tuluka," anatero Dilip. Sanakuwe n'komwe.

Nasoni anachita manyazi oti sanawamvepo chibadwire. Anali atapereka ulemu waukulu umene ankaudziwa, ndipo kapu anaiswa ngati wamweramo ndi galu. Anatuluka.

Tsidya lina la msewu, Evelina anali ataimirira kale, dzanja lili m'chiuno, nkhope ikuwala. Amayi a mtedza aja nawonso ankamwetulira, kuonetsa kuti wawauza kale.

"A Mbewe, ndakuonanitu pawindo!" anatero akumugwira mkono. "Lero lomweli mpaka kumwa tiyi ndi bwana wamkulu? Ine ndinanena kuti akukondani. Ndiye akuti muyambe liti?"

Nasoni anayang'ana mimba ya mkazi wake.

"Tiye tikafike kaye kunyumba," anatero. "Uyende pang'onopang'ono."