Lezala la m'Chitini cha a Yoramu

"Wagwira mfuti iyi ndani?"

Mayi Lufina anafunsa ataima pakhomo, mfuti atainyamula ngati mwana wodwala. Linali tsiku lachitatu chiikireni m'manda amuna awo, a Yoramu, ndipo nkhungu ya ku Tsangano inali isanachoke m'minda ya kachewere. Pabwalo azimayi ankasesa phulusa la pasiwa, podikira mwambo wometa.

"Ndine, amayi," anayankha Chrispin, mwana wawo yekhayo, makaniko wa ku Joni amene anafika dzulo lake manda atatsekedwa kale. "Ndaikonza. Pamene chitsulo chimathera pamtengopo panali mpata. Ndathirapo guluu wa zitsulo, mabawuti ndamanga mpaka kulira."

Mfutiyo a Yoramu anabwera nayo kuchokera ku Zimbabwe, kumene anatha zaka zambiri pafamu akuwombera njati ndi njovu zoononga chimanga. Sinali mfuti ya nkhanga. Ikalira inkabwezera mwini wake chibakera, moti phewa lawo lamanja linakalamba lisanafike nthawi. Apolisi anali atanena kale kuti laisensi yafa limodzi ndi mwini wake, mfuti ikaperekedwe pofika Lachisanu. Chipolopolo chinatsala chimodzi, ndipo Chrispin ankafuna kuchiwomba yekha, mfuti ili paphewa, monga amachitira Angoni akamwalira munthu wamkulu.

Mayi Lufina analowa m'nyumba n'kutulukamo ndi chitini cha amuna awo. Munali nsanza, kabotolo ka mafuta a nsatsi ndi lezala lokutidwa m'kapepala. Anayesa kulowetsa lezala pamene panali mpata paja. Linakana.

"Bambo ako Loweruka lililonse ankapaka mtengowu mafuta, kenaka n'kudutsitsa lezalali apa. Mpatawo anausema dala ndi manja awo. Ankati mfuti ikalira chitsulo chimabwerera m'mbuyo, ndiye chikasowa kopumira chimalowa mumtengo ngati nkhwangwa m'chikuni."

"Zimenezo n'zakale, amayi. Ine ndimamanga mainjini a magalimoto akuluakulu."

"Injini ili ndi tsaya?" anaponyapo mawu a Maynard, mng'ono wa malemuwo, akuwotha moto pambaula. "Iwe mwana wa achimwene, mfuti imeneyo inandigwetsapo chagada m'munda wa nandolo ndili mnyamata wa nyonga. Mpaka lero khutu ili limangomva za kumwamba."

Palibe anaseka. Chrispin anatambasula dzanja kuti alandire mfuti, koma mayi ake anaikumbatira.

"Ndaika mwamuna Lolemba. Usandikumbitse manda ena."

"Ndiye ndibwerere ku Joni osawachitira kanthu? Maliro sindinawaone. Dothi sindinaponye," anatero Chrispin. "Bambowo n'chiyani chimene anachigwirapo molimba? Zaka khumi ndi chimodzi ndili kunja, sanandiimbirepo ngakhale kamodzi kuti mwananga bwera. Ndikaimba ine, iwo amvekere, uli bwino, chabwino, lankhula ndi mayi ako. Basi. Zonse ankangozisiyira mpata."

Azimayi aja anasiya kusesa. Mayi Lufina anayang'ana pansi, chifukwa zimene mwanayo ananena sizinali zabodza. Iwo omwe anakhala ndi munthuyo zaka makumi anayi, ndipo mawu okoma a pakamwa pake akanatha kuwawerenga ndi zala za dzanja limodzi.

A Maynard anadzuka movutikira, mawondo akuthetheka.

"Alamu, mulekeni awombe, ndi mwana wa mwini mfuti. Koma iwe, uwomba mmene tinkayesera mfuti yokayikitsa. Tiimangirira pamtengo, ukoka ndi chingwe uli patali. Ikapirira, ndidzakupepesa pamaso pa anthu onsewa."

Chrispin anakana kawiri. Kachitatu anayang'ana mutu wa mayi ake, umene unali kudikira lumo, n'kungogwedeza mutu wake.

Anapita kumapeto kwa munda kumene kuli mtengo wa pichesi, moyang'anizana ndi phiri lopanda nyumba. Anatsamiritsa mfuti patayala lakale la ngolo, kukamwa kwake kutaloza m'chulu, n'kuimangirira kumtengo wa pichesiwo ndi zingwe za mphira. Anthu anaima patali atatseka makutu. Chrispin anakulunga chingwe kudzanja, anatchula dzina la bambo ake chapansipansi, n'kukoka.

Phiri linayankha kawiri. Akhwangwala anabalalika, agalu a m'mudzi wonse anayamba kuuwa.

Utsi utatha, anapeza mtengo wa mfuti utang'ambika kuyambira paguluu paja mpaka pogwirira. Kachibenthu kotalika ngati chala kanali katazika m'khungwa la pichesi. Kanachoka pamalo enieni pamene munthu amagonekapo tsaya. A Maynard anakazula, n'kukayang'anitsitsa. Anangokaponya m'thumba la jekete.

Chrispin anakhala pansi pamzere wa kachewere, manja ali pamutu. Sanalire ngati mmene amalirira anthu pamaliro. Ankangopuma mokoka, ngati munthu amene wakwera chitunda ndi katundu.

Mayi ake anadzakhala pambali pake. Anamupatsa lezala lija pamodzi ndi kapepala kake.

"Likutire. Apolisi atenge mfuti, ichi n'chako."

Kapepalako kanali kofewa ngati nsalu, kakuda ndi mafuta a nsatsi, kong'ambika m'mapindo chifukwa chofunyululidwa Loweruka lililonse. Chrispin atakatambasula anaona manambala olembedwa ndi dzanja lonjenjemera la bambo ake. Inali nambala yake ya foni ya ku Joni. Pamwamba pake panali zina zitatu zofufutidwa ndi mzere, nambala zake zakale, kuyambira ya chaka chimene anachoka.

"Ankati ukadzafuna kubwera udzabwera wekha," anatero mayi Lufina. "Ankaopa kuti akakuitana, udzasiya ntchito chifukwa cha manyazi."

Kubwalo kuja wina anaitana kuti madzi ometera afunda. Chrispin anaika lezala pakati pa kapepala, n'kuyamba kukapinda pang'onopang'ono, motsata mapindo a bambo ake.