Bokosi Langa Analiswa Jiafa

Amene anaswa bokosi langa la maliro ndi Liao Jiafa, mwana wa mng'ono wawo wa malemu amuna anga, yemwe ndinkamupukuta mamina mayi ake ali kumunda wa mpunga. Ndamutchula dzina kuti musadzati simukumudziwa. Koma munamutuma ndinu a ku boma, ndiye mundimvere.

Mabokosiwo anali awiri, a mtengo umodzi. Amuna anga, a Mancang, anaudula okha titayamba imvi, n'kuitana mmisiri kudzakhoma. Chaka chilichonse tinkawapaka utoto wakuda mpaka munthu ankadziona nkhope. Iwo analowa m'lawo chaka chatha. Langa linatsala m'chipinda chapakati, ndinkasungiramo mpunga poopa makoswe.

Manda awo ali paphiri, a zipinda ziwiri monga timamangira kuno: iwo kumanzere, kumanja kukudikira ine. Pakhoma lapakati mmisiri anasiya kabowo koti tizilankhulirana. A Mancang ankamuuza kuti akachepetse, ati ndawasokosera mokwanira pa moyo uno. Koma atatsala pang'ono kutsirizika anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Chunlian, ubwere ndithu. Ndekha sinditha." Ndinawalonjeza.

Nyengo yokolola itakwana, chimkuzamawu cha pamudzi chinayamba kubwebweta kuti zokwirira anthu zatha, womwalira aliyense azitenthedwa, phulusa lizikakhala pa shelefu m'chinyumba chimene mwamanga m'tauni. Ati manda akudya malo olima. Ati nyumba iliyonse ipereke bokosi.

Jiafa, yemwe masiku ano amagwira ntchito ku ofesi yanu, anafika m'mawa ndi anyamata ake, katapila ikulira pamsewu.

"Mayi aakulu, mwadya kale?" anatero.

"Ndadya. Chigalimoto chakocho chadya?"

"Musandivutitse, mayi aakulu. Ndi lamulo. Dziko likusowa malo olima."

"Malo olima ati? Phiri lija ndi miyala yokhayokha, mbuzi imabwerako ndi njala. Minda ya kudambo yamera udzu chifukwa ana onse anathawira ku mafakitale. Ukufuna malo? Tenga khasu ilo, ndikupatse munda wanga."

Anayang'ana foni yake, ngakhale sinalire. Kenako anatsitsa mawu.

"Ndikasiya lanu, mudzi wonse unena kuti Jiafa wakondera wachibale, palibe apereke lake. Ntchito indithera. Ndiyenera kuyamba ndi lanu."

Ndinalowa m'nyumba, n'kukhuthulira mpunga pansi, n'kugona m'bokosimo, manja pachifuwa. Anyamata anaima pakhomo kusowa pogwira. A Xiong Laidi, gogo wa nyumba yoyandikana nane amene takhala tikutukwanizana chifikire ine pamudzi pano, anasuzumira pazenera.

"Anyamata, mukudikira chiyani? Vundikirani mumunyamule, mudzi upumeko."

"Iwe Laidi, ukaseke kwanu. Lako ndi la matabwa a khola la nkhumba, katapila ichita nalo manyazi."

Anyamatawo ananditulutsa ngati thumba la feteleza, Jiafa akuwauza kuti, "Pang'onopang'ono, amadwala msana." Msana wanga ankaudziwa, mwana ameneyu. Bokosi analikokera pabwalo la sukulu ija munatseka chifukwa chosowa ana. Katapila inalimenya koyamba, silinasweke. A Mancang sankadula mtengo wamasewera. Inabwerera m'mbuyo, n'kulipondereza mpaka linalira ngati chinthu chamoyo. Lotsatira linali la Laidi. Sanasekenso. Anakhala pansi pafumbi, ine n'kukhala pambali pake, tikuonerera.

Patapita masiku Jiafa anabweranso, yekha, atanyamula malalanje.

"Mayi aakulu, ndaganiza njira. Tsiku lanu likadzafika, akadzakutenthani, phulusalo ndidzalitenga mwakabisira n'kukaliika m'chipinda chanu paphiri. Pa shelefu ndidzasiya kabotolo kopanda kanthu. Palibe adzadziwe."

"Palibe adzadziwe?"

"Ngakhale mmodzi."

"Iwe, ine ndinalowa m'banja la a Liao masana, malipenga akulira, mudzi wonse ukuona, bambo ako akunyamula bokosi la zovala zanga. Tsopano ndikalowe kwa amuna anga mozemba ngati chibwenzi, ndili m'kabotolo? Akandidziwa bwanji? Anandisiya ndili ndi manja ndi miyendo."

"Nanga ine nditani, mayi aakulu?"

"Ukafunse amene anakutuma."

Malalanje ndinaponyera nkhumba iye akuona. Ali pageti anatembenuka, maso ali pansi.

"Muganize msanga. Akuti chaka chamawa manda a paphiri nawonso asamutsidwa."

Ndinayesa akungondiopseza. M'mawa mwake ndinakwera phiri ndi lubani ndi kabotolo ka mowa wa mpunga, ndipo ndinapeza mwala wa a Mancang utapakidwa chizindikiro cha utoto wofiira pamwamba penipeni pa dzina lawo. Manda ena onse chimodzimodzi. Ndinakwecha ndi mchenga mpaka zala zinatuluka magazi, koma utoto wanu ndi wabwino, suchoka. Mowa ndinawathirira, lubani ndinayatsa, koma sindinawauze kanthu. Ine amene sindinasowepo mawu pamaso pa munthu uja, ndinatsika phiri ngati wakuba.

Ndinaimbira mwana wanga amene ali m'tauni. Iye ati ndisalimbane ndi boma, mdzukulu wanga akufunafuna malo a sukulu, dzina lathu lisamveke moipa. Ndinapita kwa mmisiri kuti andikhomere lina ndi zitseko za m'nyumba. Anandithamangitsa asanandipatse ndi tiyi yemwe, ati amulanda zipangizo.

Sukulu ndinalekeza ya pulayimale, koma kumvera ndamvera moyo wanga wonse. Munati tibereke mmodzi, ndinabereka mmodzi. Munati ana apite kukamanga matauni, wanga anapita. Sindinakupempheni kanthu. Chomwe ndinali nacho ndi dzenje la m'miyala lokumba amuna anga, ndi pangano limene ndinapangana ndi munthu woti sindingakambiranenso naye kuti tisinthe.

Musanditumizirenso Jiafa, iyeyo ndi mwana, amangonjenjemera. Abwere amene anakhala pampando n'kuganiza zimenezi, akwere nane phiri lija ngati miyendo ali nayo. A Mancang akudikira kumanzere. Ndikawauze kuti chiyani? Ndiyankheni.