Duwa la Eniake

Mayi wogulitsa sopo anaika botolo la mafuta odzola patebulo la m'shopu yosindikiza nagogoda ndi chala duwa lomwe linajambulidwa pabotolopo. "Ndikufuna lomweli pa sopo wanga."

Amake mwana, omwe ankajambula pakompyuta m'shopumo, analidziwa duwalo. Analijambula ndi mtsikana wa tsidya la msewu, yemwe anthu ankamutcha Kapenti, ndipo kadzina kake kanali pansi pa tsamba, kakang'ono ngati nyerere.

"Zosavuta izi," anatero alamu awo, eni shopu yosindikizayo. "Koperani pamakina, kadzinako mufufute, pofiira pakhale pobiriwira. Mayiwa akapita kwina, mlamu, mubwerera kodula mapepala."

Mpando wa pakompyuta uja amake mwana anachita kuuvutikira, kuphunzira mwana ali kumbuyo. Anamangitsa mwanayo, natenga botolo, nawoloka msewu.

Anamupeza Kapenti akutsuka maburashi m'chitini.

"Achemwali, andituma kudzakuberani duwa."

"Mbava yake yoyamba ndi odi?" anaseka Kapenti.

"Ndikufuna mundiuze, chanu n'chiti apa, nanga chotengeka n'chiti."

Kapenti anapukuta manja pasiketi. "Duwalo ndi langa, ndinatupa nalo zala. Koma mzere wonenepawu, ndi kusiya mpata wopanda kanthu m'mbali, ndinaonera kwa bambo wina wolemba zikwangwani. Zimenezo tengani, nanenso sindinabadwe nazo."

Atabwerera, amake mwana anafunsa mayi aja zimene amathira mu sopo wawo. Anati mandimu, natulutsa limodzi m'chikwama. Amake mwana analidula pakati ndi mpeni wa mapepala, naliika pafupi ndi kompyuta. Loyamba kujambula linatuluka ngati gudumu la njinga.

"Tayamba kugulitsa matayala?" anafunsa alamu awo.

Anafufuta nayambiranso. Mwana atadzuka, anamuyamwitsa ndi dzanja lamanzere, lamanja likukoka mzere wonenepa kuzungulira khungu la ndimu, nthanga imodzi itapendekeka pakati.

Mayi aja anasuzumira nthawi yaitali. "Si duwa ndinanena lija."

"Duwalo lili ndi mwini wake, mayi. Sopo wanu akakhala pashelefu limodzi ndi botololi, anthu aziti ndinu wokopera. Ndimuli latuluka m'chikwama mwanu."

Mayiwo anatola chibenthu cha ndimu, nachinunkhiza, nayang'ananso.

"Likulitseni pang'ono. Makasitomala anga ambiri maso awo ndi akale."

Alamu aja anakanda kumutu, napita kukaika mapepala m'makina.