Makina Opumira Atasintha Kaliridwe

Amuna anga anagona masiku asanu m'chipinda cha odwala mwakayakaya chifukwa cha chibayo. Anawaika chubu kukamwa, ndipo makina ankawapopera mpweya mosaphonya, ngati wotchi. Tsiku lachisanu ndi chimodzi, ine ndi alamu anga, akulu awo a bambowo, tinapeza makinawo akulira mwachilendo: pena msanga, pena mochedwa.

Alamuwo ndi makaniki, ndipo amati khutu lawo silinama. Anandikokera pakhonde.

"Mlamu, makina aja awachepetsa mphamvu. Ndamuona namwino uja akudinadina mabatani. Mwamuona bwana wa suti wabwera ndi wodwala m'mawayu? Akufuna amupatse makina athuwa."

Ndinakumbukira kuti namwinoyo anatipatsa moni maso ali pa pepala. Kodi ankabisa chiyani?

"Batanilo ndaliona," anatero alamu. "Ndikalibwezera ndekha."

Tinalowanso mwakachetechete. Dzanja lawo litangotsala pang'ono kufika pa makina, namwino anatulukira.

"Bambo, musakhudze pamenepo. Chavuta n'chiyani?"

"Mwachepetseranji mpweya?" anafunsa alamu. "Tiuzeni. Mukufuna kupatsa ndani makinawa?"

Namwino sanapse mtima. Anagwira dzanja langa n'kuliika pachifuwa cha amuna anga. Ndinamva chifuwa chikuyamba kukwera chokha, makina n'kutsatira pambuyo.

"Masiku oyamba aja analibe mphamvu," anatero, "ndiye tinatchera makina kuti aziwapumira kupuma konse, pa nthawi yake ndi muyeso wake. Lero adokotala aona kuti ayamba kukoka okha. Tsopano iwo akayamba, makina amangowathandizira. Akachedwa kwambiri, belu limalira, makina n'kuwapumira. Inu amakaniki, galimoto ikalira yokha mumaikankhabe mpaka kunyumba?"

Alamu sanaseke. "Nanga bwana uja?"

"Wodwala wake ali pa makina ena, bedi la pakona. Mukanakhudza batanilo mukanatha kuvulaza mapapo a m'bale wanu. Nanenso ndalakwa, ndikanakuuzani tisanasinthe."

Alamu anabwezera dzanja m'thumba, koma kukayikira sikunathe tsiku lomwelo. Ulendo uliwonse ankafunsa zomwe zasinthidwa, namwino n'kumawayankha. Thandizo la makina linkachepa pang'onopang'ono, amuna anga n'kumalimba. Patatha masiku atatu adokotala anachotsa chubu chija. Mawu a amuna anga anali osasa, koma anandiitana dzina, n'kufunsa ngati ana akupita kusukulu. Alamu anatembenukira kukhoma kupukuta m'maso, kenako anapita kukapepesa kwa namwino.

Anzanga, makina opumira sagwira ntchito mofanana masiku onse. Pena amapumira wodwala kupuma konse, pena amangomuthandiza akayamba yekha, malinga ndi momwe thupi lilili. Mukaona chosintha, muli ndi ufulu wofunsa mpaka mutamvetsa. Koma mabatani asiyireni amene anaphunzira ntchitoyo.