Pikapu ya Bambo Yadwala Chifuwa

Bambo a Mzime anayamba kugwira chiwongolero asanakwatire, ndipo m'nyumba zonse za mumzere wawo panalibe amene ankawaitana dzina lina kupatula loti a Dalaivala. Koma chaka chimenecho ng'ala inawalowa m'maso, iwo n'kumakana kwamtuwagalu. Tsiku lina anapatsa moni ovololo ya aneba yomwe inayanikidwa pachingwe, n'kulowa m'nyumba akudandaula kuti anthu a masiku ano sayankha moni. Tsiku linanso anagunda chipilala cha geti ndi pikapu yawo, ndipo atatsika anafunsa mwaukali kuti wasuntha getilo ndani.

Ndiye m'mawa wa Lachisanu, akumwa tiyi, analengeza nkhani. Mawa lake kunali ukwati wa mwana wa mng'ono wawo kutauni ina.

“Tipita pa pikapu,” iwo anatero. “Amayi ako kutsogolo, iwe ndi ana ako kumbuyo. Ndiyendetsa ndekha.”

Tiyi anamutsamwa Mzime. Iye anali mwana wawo womaliza, telala, mayi wa ana awiri, ndipo msewu wa kutauniyo ankaudziwa bwino. Ndi msewu wa malole ndi mabasi othamanga ngati akuthawa moto. Ana ake akakhale kumbuyo, pa chiwongolero pali munthu wolonjera ovololo? Ayi ndithu!

“Bambo, bwanji ndiyendetse ine, inu mupumeko? Laisensi ndili nayo.”

“Laisensi ndi pepala, mwanawe. Pepala limadziwa msewu?”

Kukhitchini amayi ake anamunong'oneza kuti asayerekeze kutchula za maso. Ulendo watha atangoyerekeza, bambowo anakhala chete tsiku lonse, chakudya osachikhudza. Kubisa makiyi nakonso anayesapo, koma bambo anangolumikiza timawaya pansi pa chiwongolero, galimoto n'kulira.

“Nanga titani, amayi?”

“Ine ndatopa nawo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ana ndi ako.”

Mwayi unabwera wokha. Dzuwa litakwera, bambo anatulukira ndi kajumbo ka mapulagi atsopano ndi mawaya ake, akuti galimoto siingapite ku ukwati ndi moto wofooka. Anatsekula boneti, n'kuiimika ndi kandodo ka tsache poti chitsulo chake chinathyoka kalekale.

“Mzime! Bwera udzandithandize. Msana ukundivuta kuwerama.”

Msana eti! Mzime anavala malaya akale a bambo ake pamwamba pa diresi. Ntchitoyi ankaidziwa. Abale ake onse ankathawa akamva fungo la oyilo, koma iye anakulira pabampala pomwepo.

“Lamulo lija ukulikumbukira?” bambo anafunsa.

“Waya mmodzi, pulagi imodzi. Osazula onse nthawi imodzi.”

“Chifukwa?”

“Aliyense ali ndi khomo lake. Akasemphana, moto umafika nthawi yolakwika.”

“Basi, mutu ulipo.”

Mzime atangotchula mawu aja, maganizo oipa anamulowa, ndipo kunena zoona anamukomera. Anazula waya woyamba pogwira kumutu, n'kupemerera fumbi kuti lisagwere m'kati. Anamasula pulagi ndi sipanala yaitali, n'kuipereka kwa bambo. Iwo sanaiyang'ane n'komwe. Anaisisita ndi chala, n'kuinunkhiza, n'kugwedeza mutu kuti yadya mwaye. Yatsopano anailowetsa ndi zala kaye, sipanala pambuyo, osamanga ngati akulimbana ndi mdani. Kenako anaika waya watsopano, kuchokera pa kachipewa komwe mawaya onse amatulukira mpaka papulagi. Anachita chimodzimodzi mpaka onse anatha, bambo ali pambali kulongolola za amakanika osadziwa ntchito.

Pomwepo aneba, bambo wopuma pantchito amene sankaphonya nkhani ya pakhomo pa mnzake, anasuzumira pampanda.

“Zikuyenda, a Dalaivala?”

Bambo anatembenuka kuti adzitame. Mzime sanachedwe. Anazula mawaya awiri apakati, uyu n'kumulowetsa kwa uyo, uyo kwa uyu, n'kupukuta m'manja ngati munthu wosalakwa.

“Ndamaliza, bambo.”

“Imani pomwepo, aneba, mumve mmene galimoto imayimbira.”

Analowa, n'kupotokola kiyi. Mayo ine! Pikapu inatsokomola, inanjenjemera, kenako kumbuyo kunamveka phuu! Nkhuku zinabalalika, galu analowa pansi pa tebulo lochapira, amayi anatuluka ndi chikho m'manja. Bambo anayesanso. Injini inagwira pang'ono, ikudumphadumpha, boneti n'kugwetsa kandodo kaja, phaa!

“Iii, yadwala chifuwa imeneyi,” anatero aneba, akubisa kuseka.

Bambo anamvetsera injiniyo khutu atapendeketsa, n'kuizimitsa. Kenako anatsika, anaimikanso boneti, n'kuwerama bwinobwino, msana uja utachira mwadzidzidzi. Dzanja lawo linayamba pa kachipewa, n'kumatsata waya mmodzimmodzi. Mzime anamva thukuta likuyenderera kumsana. Zala zija zinafika pomwe mawaya anasemphana, zinaima, zinabwerera, n'kutsatanso pang'onopang'ono. Lero ndapezeka, iye anaganiza, ndipo anayamba kukonzekera bodza. Koma bambo anaweramuka nkhope ili bwinobwino.

“Mawaya ali m'malo mwake,” anatero. “Mwina ikufuna kukankha. Mzime, pita kumbuyo.”

“Kukankha, bambo? Koma batire...”

“Ukundiphunzitsa galimoto?”

Anakankha, nanga akanatani? Aneba anathandiza ulendo woyamba, wachiwiri n'kukumbukira kuti ali ndi nyamakazi. Mzime anakankha yekha kuchoka pakhonde mpaka pageti, kuchoka pageti kubwerera pakhonde, dzuwa likuswa mtengo. Bambo anali pampando, chigongono pawindo, akuimba kamluzu. Nthawi zina galimoto inkalemera modabwitsa, ndipo iye akanalumbira kuti munthu akuponda mabuleki.

“Limbikira, mwanawe! Sunadye?”

“Ndatopa, bambo!”

“Ukatopa ndiye kuti yatsala pang'ono kulira. Kamodzinso.”

Amayi anali pakhonde atagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Mzime anapsa mtima, koma akanadandaula kwa yani? Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Patapata wake anaduka, malaya aja anamatirira pathupi, ndipo atafika pakhonde ulendo womaliza anangokhala pansi, kupuma ngati galu.

“Bwanji tiitane makanika?” aneba anafunsa.

“Makanika pakhomo panga? Ine ndili moyo?” Bambo anatsika, n'kusisita denga la pikapu. Analankhula mokweza, kuti ndi a kuseri kwa mpanda omwe amve. “Yakalamba iyi, aneba. Galimoto ikakalamba imasankha anthu. Ine dalaivala wodziwika ndikafike pa ukwati ndi chinthu chotsokomola chonchi? Anthu akandiseke? Ayi, mawa sindigwira chiwongolero. Vuto si ine, mwamva? Vuto ndi galimoto.”

“Zoona, vuto ndi galimoto,” anavomereza aneba, n'kuthamangira kwawo kukauza akazi awo nkhaniyo isanazizire.

Amayi nawo analowa m'nyumba. Pabwalo panatsala awiri, bambo ndi mwana, ndi nkhuku imodzi yolimba mtima imene inabwerera kudzatola zake. Mzime anapambana, koma chimwemwe chake chinali chosakoma. Anawamvera chisoni bambo ake, ndipo anachita manyazi.

Bambo anatenga kansanza, n'kumapukuta chala chimodzichimodzi.

“Wachiwiri ndi wachitatu,” anatero motsitsa mawu. “Uwabwezere aneba asanatulukenso.”

Mzime anadzambatuka pomwe anakhala.

“Bambo, ine...”

“Khala chete, tambwali iwe. Ukuyesa injini imeneyi ingandinamize ine? Ndinamva itangotsokomola koyamba.”

“Ndiye kukankha konse kuja?”

“Kuja ndi malipiro. Umafuna undipusitse ulere?”

Mzime anaseka, koma misozi inali pafupi. Bambo anatsamira pikapu, nkhope atalozetsa kugeti.

“Chipilala chija sindinachione, mwanawe. Ngakhale pang'ono. Kuyambira tsiku lija ndimangoganiza kuti chikanakhala kamdzukulu kanga bwanji. Koma munthu amene dzina lake ndi Dalaivala anganene bwanji pamaso pa anthu kuti zatha? Ndimadikira wina andithandize bodza. Mwachedwa nalo, nonsenu.”

“Nanga mawa tikanena chiyani, ikamalira bwinobwino?”

“Tikati yachira m'manja mwako, ndiye ikumvera iwe wekha. Ndanena kale kuti imasankha anthu. Ine ndikhala pambali pako, ndizikuuza njira.”

“Njirayo muiona?”

“Iwe, usandizolowere! Maenje onse a msewu umenewo ndimawadziwa ndi chiuno.”

Anapisa m'thumba, n'kutulutsa makiyi omangidwa pa kachikopa kakuda, komwe iwo anali asanakaperekepo m'manja mwa munthu wina aliyense. Anawagwira kaye pang'ono, ngati akuwayeza kulemera, kenako anatambasula dzanja. Koma dzanjalo linaloza pambali, pomwe panalibe munthu.

Mzime anasendera mwakachetechete, osakhuluza phazi, mpaka anaima pomwe bambo ake ankaganiza kuti waima. Analandira makiyiwo ndi manja awiri.

“Ndipo usapondereze kilachi ngati ukupalasa makina osokera,” bambo anatero.

“Ndamva, bambo,” iye anayankha, n'kuwerama kukabwezera mawaya aja m'makomo mwawo.